Nkhokwe ya Mengistu Itatsekeka

Gulu lankhondo la SPLA linabadwa mu 1983, asilikali a ku Bor kummwera kwa Sudan atagalukira boma la Jaafar Nimeiri. John Garang, yemwe anali mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a boma lomwelo, anagwirizana nawo n'kulowera ku Ethiopia, ndipo mphamvu zake zinamera kumeneko. Mtsogoleri wa dzikolo, Mengistu Haile Mariam, anapereka zida, wailesi ndi malo ophunzitsirako nkhondo ku Bilpam, zonsezo n'kumadutsa m'manja mwa Garang yekha. Ofuna kuti kummwera kukhale dziko palokha, monga Samuel Gai Tut, anaphwanyidwa msanga, pakuti Mengistu, amene ankalimbana ndi a ku Eritrea ofuna kudzipatula, sakanadyetsa gulu lolalikira zogawa dziko. Sikuti onse ankakhulupirira za Sudan watsopano wogwirizana amene Garang ankamulalikira. Ankamumvera poti chipolopolo chilichonse chinkachokera kwa iye.

Mengistu atagwa mu Meyi 1991, nkhokweyo inatsekeka. Othawa nkhondo ankhaninkhani anachoka ku msasa wa Itang ku Ethiopia wapansi, ambiri n'kukathera ku Nasir, kummwera kwa Sudan. Mu Ogasiti, ali ku Nasir komweko, akuluakulu ena a SPLA, Riek Machar, Lam Akol ndi Gordon Kong, analengeza kuti amuchotsa Garang, ati ngwankhanza. Nkhanzazo sizinayambe chaka chimenecho. Anzake ena anali atakhala kale zaka m'ndende zake popanda mlandu kuzengedwa. Chatsopano chinali chakuti kumugalukira kunasiya kukhala kudzidulira chakudya.

Ambiri amati chinagawa gululi ndi mtundu, Garang pokhala Mdinka ndipo Machar Mnuer, ndipo amaloza ku Bor, kumene mu Novembala 1991 ankhondo a ku Nasir anapha anthu wamba pafupifupi 2,000 n'kukusa ng'ombe zawo. Magazi amenewo sangakanidwe. Koma Lam Akol ndi Mshilluk. William Nyuon, Mnuer, anakhalabe ndi Garang mpaka 1992, pomwe Kerubino Kuanyin Bol, Mdinka amene anatsogolera kugalukira kwa ku Bor, anapita mbali ya Machar mu 1993. Mtundu unali njira yachidule yopezera anyamata omenya nkhondo mgwirizano utasweka kale. Zida za a ku Nasir nazo zinafunika gwero latsopano, ndipo zinachokera ku boma la Sudan la ku Khartoum lomwe ankati akumenyana nalo. Akol anasiyana ndi Machar mu 1994. Machar, amene ankafuula za ufulu wa kummwera, anasainirana pangano ndi boma lomwelo, la Omar al-Bashir, mu 1997, ndipo mu 2002 anabwerera kwa Garang.