Sitovu yokokera utsi pansi: momwe imatenthera malasha

Sitovu yokokera utsi pansi, imene pa Cingerezi imadziwika kuti downdraft, ndi cipangizo cofunditsira nyumba m'maiko ozizira kwambiri monga Poland ndi Czech Republic. Ubwino wace ndi wakuti imatentha malasha pamodzi ndi utsi wace womwe. Malasha amene akunenedwa pano ndi aja okumbidwa pansi, monga a ku mgodi wa Maamba m'boma la Sinazongwe, osati makala ocokera ku mitengo.

Utsi ndi malasha osapsa

Malasha ofewa a mtundu wa bituminous akatenthedwa amayamba atulutsa phula ndi mipweya yoyaka. Zinthu zimenezi zingafike pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa malashawo. Kuti zipse bwino zimafuna mpweya wokwanira ndiponso kutentha kwa madigiri pafupifupi 600.

Mu sitovu wamba mpweya umalowera pansi ndi kukwera. Munthu akathira malasha atsopano pamwamba pa moto, mipweya ija imacoka kumene kuli moto, nizizira, ndipo imatulukira pa cumuni ngati utsi wakuda. Motero mwini nyumba amataya mbali ina ya malasha amene anagula, pamene anansi ace amapuma mwaye. Malasha olimba a mtundu wa anthracite alibe vuto lalikulu lotere cifukwa ali ndi mipweya yocepa.

Kagwiridwe kace ka nchito

Mu sitovu yokokera pansi njira ya utsi inatembenuzidwa. Malasha amathiridwa m'cipinda cacitali cokhala ndi civindikiro cotseka bwino, koma amayakira pansi pokha, pa sefa wacitsulo. Khomo lotulukira utsi nalonso lili pansi. Cumuni ikakoka, utsi umakakamizika kudutsa m'malasha onyeka. Ukatero umalowa m'kacipinda ka njerwa zosapsa ndi moto, m'mene umakumana ndi mpweya wina watsopano ndi kusanduka malawi.

Malasha a pansi akamapsa, a pamwamba amatsika okha pang'onopang'ono, ndipo moto umakhala maola ambiri osasonkhezera. Boila imagwira nchito mofananamo. Kusiyana kwace ndi kwakuti moto umatenthetsa madzi, amene amayenda m'mapaipi kukafunditsa zipinda zonse za m'nyumba.

Mbiri yace

Nzeru imeneyi ndi yakale. Benjamin Franklin wa ku America anapanga sitovu yotere m'caka ca 1771 pamene anali kukhala mu mzinda wa London, pofuna kuthana ndi utsi wa malasha. Komabe nyumba zambiri za mu mzindawo zinapitiriza kusonkha moto pa malo osatseka.

Zotsatira zace zinaoneka mu December 1952, pamene utsi wosakanizika ndi nkhungu unakuta London kwa masiku 5. Poyamba kunawerengedwa kuti anthu pafupifupi 4,000 ndiwo anamwalira, koma kafukufuku wa pambuyo pace anakweza ciwerengeroco kufika pa 12,000. Mu 1956 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loteteza mpweya, limene linapatsa makhonsolo mphamvu zoletsa utsi m'madera ao.

Zovuta zace

Utsi wotentha mwacibadwa umafuna kukwera, conco sitovu imeneyi imadalira cumuni yaitali ndi yokoka mwamphamvu. Cumuni ikakhala yozizira sikoka bwino. N'cifukwa cace masitovu ambiri ali ndi kacitseko kamene kamatsegulidwa poyatsa moto, kuti utsi uyambe wapita molunjika mpaka cumuni itatentha. Kacitsekoka kamatsegulidwanso asanavundukule civindikiro, cifukwa mipweya younjikana m'cipinda ca malasha itha kubuka mwadzidzidzi ikakumana ndi mpweya wakunja.

Mtundu wa malasha nawonso ndi wofunika. Ena akatentha amafufuma ndi kumatana, ndipo amaleka kutsika. Ena ali ndi phulusa limene limasungunuka ndi kuuma ngati mwala, nilitseka sefa. Malasha a fumbi lokhalokha amatsekereza mpweya. Amene amayenera ndi a mibulu yofanana kukula.

Ngozi yaikulu ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo ulibe fungo. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Cumuni ikatsekeka ndi mwaye, mpweyawu umabwerera m'nyumba. Zizindikiro zace ndi mutu, cizungulire, nseru ndi kufooka. Pofuna kupewa ngoziyi, cumuni iyenera kuyeretsedwa caka ciliconse, phulusa licotsedwe kawirikawiri, ndipo m'nyumba muikidwe kacipangizo kolira kakamva mpweyawo.

Zimene zikucitika ku Poland

Dziko la Poland ndilo limatentha gawo lalikulu la malasha ofunditsira nyumba m'maiko a European Union. Kumeneko maboila akale amachedwa kopciuch, dzina lowanyoza cifukwa ca kufuka kwao. Mu 2018 boma linayamba ndondomeko ya Czyste Powietrze yothandiza mabanja ndi ndalama zosinthira maboila otere. Kuyambira pa 1 January 2020, malamulo a European Union salola kugulitsa boila yatsopano ya malasha kapena nkhuni imene ikupyola muyezo wa utsi woikidwa.

Ngakhale zili tero, kupsereza utsi sikucotsa sulphur wa m'malasha, ndiponso sikuletsa mpweya wa carbon dioxide umene ukusintha nyengo. Mzinda wa Kraków unaletsa kutentha malasha ndi nkhuni m'nyumba kuyambira pa 1 September 2019, ndipo lamulolo linakhudza ngakhale maboila amakono. Ku England kugulitsa malasha wamba ofunditsira nyumba kunaletsedwa kotheratu mu May 2023. Kumadera kumene malasha akali ololedwa, sitovu yokokera utsi pansi imacepetsa utsi ndi ndalama zogulira malasha, malinga ngati cumuni yace ikusamalidwa.