Moto ndi Malamulo a Madenga mu Mzinda wa London

Masiku ano munthu wofuna kumanga nyumba m'mizinda yambiri amayamba watenga chilolezo, ndipo akuluakulu a mzinda amafunsa ngakhale chimene adzafolere. Ena amaona ngati kumeneku n'kuvutitsa anthu chabe. Koma mbiri ya mzinda wa London ikuonetsa kuti malamulo otere anabadwa chifukwa cha moto.

M'mwezi wa Julaye chaka cha 1212, nthawi ya Mfumu John, moto unabuka ku Southwark, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames. Unagwira mlatho wa London ndi kupha anthu ambiri. Nyumba zambiri zinali zamitengo, zofolera ndi udzu kapena bango, ndiponso zothithikana. Motowo utazilala, meya woyamba wa mzindawo, Henry Fitz Ailwin, pamodzi ndi akuluakulu anzake anakhazikitsa lamulo loti nyumba yatsopano isafoleredwenso ndi udzu, bango kapena mapesi, koma ndi matailosi, matabwa kapena mtovu. Eni nyumba zaudzu anapatsidwa masiku asanu ndi atatu kuti amate madenga awo, ndipo nyumba ya wokana inayenera kugwetsedwa.

Lamulolo silinkafika kunja kwa malire a mzinda. N'chifukwa chake nyumba ya zisudzo ya Globe, kumene ankaonetsera masewero a William Shakespeare, inamangidwa ku Southwark mu 1599 ndi denga laudzu. Pa 29 Juni 1613, sewero lili m'kati, anaomba mzinga, ndipo moto wake unatera paudzu. Nyumba yonse inapsa, mwamwayi popanda womwalira. Poimanganso mu 1614 anafolera ndi matailosi.

Mumzinda mwenimweni makoma anali adakali amitengo. Pa 2 Seputembala 1666 moto unayamba m'nyumba yophikira buledi mu msewu wa Pudding Lane, ndipo m'masiku anayi unapsereza nyumba zoposa 13,000, matchalitchi 87 ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul. Mu 1667 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti nyumba zonse zatsopano zikhale zanjerwa kapena zamiyala. Akuluakulu a mzinda anaika anthu oyeza malo, mmodzi mwa iwo Robert Hooke, kuti azikhoma zikhomo munthu asanayambe kukumba maziko. Nyumba yomangidwa mosatsata lamulo inkatha kugwetsedwa. Kuyambira pamenepo mmisiri sankangomvera mwini nyumba yekha, koma ankayankhanso kwa mzinda.

Padapita zaka zoposa mazana atatu denga laudzu lisanaloledwenso. Sam Wanamaker, katswiri wa zisudzo wa ku America, anafuna kumanga Globe yatsopano yofanana ndi yakale. Chilolezo chapadera chinaperekedwa, koma bango linathiridwa mankhwala oletsa moto kuyaka msanga, ndipo pamwamba pa denga anaikapo mipope yowaza madzi. Wanamaker anamwalira mu 1993 ntchito isanathe, ndipo nyumbayo inatsegulidwa mu 1997.

Akale anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Kumudzi kumene nyumba n'zotalikirana, denga lingakhale nkhani ya mwini wake yekha. Koma pamene makoma agundana, kamoto kotera padenga limodzi kamaika pangozi msewu wonse. Anthu a ku London anaphunzira zimenezi atataya miyoyo ndi chuma, ndipo chilolezo chimene womanga amapempha lero chimateteza oyandikana naye monga momwe chimatetezera iye mwini.