Ovolosi ya olenji: kuchokera ku Guantanamo kukafika ku Sirte

Mu Januwale 2002, asilikali a dziko la America anatulutsa zithunzi za akaidi oyamba kufika kundende ya Guantanamo ku Cuba. Akaidiwo anali chogwada mkati mwa mpanda wa waya, atawatseka m'maso ndi m'makutu, onse atavekedwa maovolosi a olenji. Dziko lonse linaziona zithunzizo, ndipo zigawenga nazo zinasunga mtunduwo.

Mu Meyi 2004, gulu la Abu Musab al-Zarqawi ku Iraq linaika pa intaneti vidiyo ya kuphedwa kwa Nicholas Berg, nzika ya America. Berg anali atavekedwa za olenji, ndipo akuphawo anati akulipsira nkhanza zimene asilikali a America ankachitira akaidi kundende ya Abu Ghraib ku Iraq komweko. Vidiyoyo inali yosaoneka bwino, yodzaza ndi mawu ataliatali a Chiarabu, koma ngakhale wosamva chinenerocho anaumva uthenga wa chovalacho: mmene mwachitira athu, ifenso tichitira anu.

Pofika mu Ogasiti 2014, gulu la ISIS linali litaphunzira luso la kanema. Vidiyo ya mtolankhani James Foley inajambulidwa mwaukatswiri: iye atagwada m'chipululu, wakupha ataima chilili, atavala zakuda, nkhope ataphimba. Wakuphayo, Mohammed Emwazi, anakulira ku London, ndipo Chingerezi chake chinali chida pachokha. Chinkaopseza maboma, uku chikunyengerera anyamata a ku Ulaya kuti mnzawo ali kale m'gululo.

Mawu ndiwo ankalambula njira. Azungu ndi Akhristu ankatchedwa ankhondo a mtanda, ngati kuti nkhondo za zaka 900 zapitazo zikadali mkati. Msilamu wotsutsana nawo ankatchedwa wopandukira chipembedzo, dzina lomwe kwa iwo linali chilolezo chomuphera. Izi n'zimene ambiri amaiwala, chonsecho anthu ochuluka amene gululi linapha anali Asilamu.

Mu Febuluwale 2015 gulu la ISIS linatulutsa vidiyo ya kuphedwa kwa amuna 21 atawandandalika m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Sirte ku Libya, makumi awiri mwa iwo Akhristu a mpingo wa Coptic ochokera ku Egypt. Anali anthu wamba okafuna maganyu, osakhudzidwa n'komwe ndi za Guantanamo, koma anavekedwa olenji yemweyo. Mpingo wawo unawalengeza kuti ndi ofera chikhulupiriro, ndipo mu 2023 Papa Francis anati nawo mpingo wa Katolika uziwakumbukira chimodzimodzi.