MBALE ZA KU DELFT NDI MPHIKA WA KWATHU

Ife a kuno ku Mwaya, monganso abale a m'midzi yina, timasunga mbale yoyera ya maluwa kuti adyeremo mlendo, koma mphika wa dothi timauyesa cinthu cacabe. Tiyeni timve mbiri ya mbale zotere, kuti tiweruze bwino.

Kale anthu a ku China anadziwa kuumba mbale zoyera ndi zolimba, zolembedwa ndi utoto wonga thambo, ndipo a ku Ulaya sanadziwe cinsinsi cace. Mbalezi zinayenda kutali ndi amalonda. Ngakhale ku Mankhamba, mudzi wa Kalonga m'boma la Dedza, wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mapale ace pamodzi ndi mikanda. Cotero makolo athu anazigwira m'manja amishoni asanasamukire ku Bandawe m'caka ca 1881.

M'caka ca 1602 anthu a ku Holland anapangana cigwirizano ca malonda a kum'mawa. Caka cotsatira analanda ngalawa ya Apwitikizi, dzina lace Santa Catarina, nagulitsa katundu wace ku Amsterdam. Anthu anakhumbira mbalezo kwambiri, ndipo ngalawa zinabwera nazo zambirimbiri. Koma ufumu wa Ming utagwa m'caka ca 1644, nkhondo zinabvuta m'China, mbale zinasowa.

Pamenepo oumba a m'mudzi wa Delft sanakhale manja lende. Dothi loyera la ku China analibe. Anatenga dothi wamba, naumba, naocha m'ng'anjo kufikira litauma gwa. Atatero anabviika mbale m'phala la mcenga, ntobvu ndi phulusa la tini, ndico citsulo cimene amakutira naco zitini. Phalalo litauma, mmisiri analembapo ndi utoto wa kobalti. Ndipo nchitoyi inali yosalola kuphonya, pakuti utoto unalowa pomwepo, osafafanizika. Potsiriza anaochanso kaciwiri, ndipo mbale inaturuka yoyera mbee, yonyezimira, malembo ace ali ngati thambo.

Poyamba anatsanza zithunzi za ku China. Pambuyo pace analemba zao: ngalawa, ng'ombe, minda, ndi nkhani za m'Buku Lopatulika. Nyumba zoumbira zinacuruka kufikira ngati 30. Koma mbalezi zinali zosacedwa kubenthuka m'mphepete. Ndipo Josiah Wedgwood ndi anzace a ku England atayamba kugulitsa zolimba ndi zochipa, nyumbazo zinatsekedwa imodzi imodzi. Inatsala ya De Porceleyne Fles, yoyambika m'caka ca 1653, imene iumba kufikira lero.

Tsono tione, abale. Mbale yochuka ya ku Delft, pansi pa kuyera kwace, ndi dothi lomweli. Cimene cinaikweza ndico khama la anthu amene anaphunzira kwa alendo osataya dothi lao. Amai athu oumba adziwa kusankha mtapo, kukuluwiza ndi mwala, ndi kuocha mtsuko wozizira madzi m'dzuwa la Okutobala, cimene cidebe ca pulasitiki sicikhoza. Koma nzeru imeneyi siinalembedwe. Ikhala m'manja mwa okalamba okha, ndipo tikaika mmodzi m'manda, taika ndi nzeru yomwe. Cifukwa cace tigule miphika yao osanyoza mtengo, ndipo titume ana athu akakhale pansi pambali pao, dzuwa lisanalowe.