Sikuta yamagetsi

Sikuta yamagetsi ndi kanjinga ka matayala awiri komwe kamayendera batire m'malo mwa petulo. Masikutawa alipo a mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba wokwera amachita kuimirira atagwira zigwiriro, pomwe mtundu wachiwiri uli ndi mpando ndipo umafanana ndi njinga yamoto yaing'ono. Ambiri amagwiritsa ntchito batire ya lithium-ion yomwe imatchajidwa pamagetsi a m'nyumba.

Mbiri ndi malamulo m'mayiko ena

Masikuta obwereketsa anayamba kufala m'chaka cha 2017, pomwe kampani ya Bird inawaika m'misewu ya mzinda wa Santa Monica ku America. Ngozi zitayamba kuchuluka, mayiko anakhazikitsa malamulo osiyanasiyana. Dziko la Germany linawalola pamsewu mu 2019, koma wokwera ayenera kukhala wa zaka 14 kapena kuposera apo, sikuta ikhale ndi inshulansi, ndipo isathamange kupitirira makilomita 20 pa ola. Chaka chomwecho dziko la Singapore linawaletsa kuyenda m'tinjira ta anthu oyenda pansi. Ku Britain munthu saloledwa kukwera sikuta yakeyake pamsewu wa anthu onse. Ololedwa ndi masikuta obwereketsa okha, omwe anayamba kuyesedwa m'mizinda ina mu 2020. Anthu a mumzinda wa Paris anavota mu Epulo 2023 kuti masikuta obwereketsa achotsedwe, ndipo chiletsocho chinayamba pa 1 Seputembala chaka chomwecho.

Ku Malawi

M'Malawi masikuta amagetsi ndi osowa poyerekeza ndi njinga zakapalasa ndi njinga zamoto za kabaza. Malamulo oyandikana nawo kwambiri ndi a njinga zamoto, omwe ali mu Road Traffic Act ya 1997 ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services pamodzi ndi apolisi apamsewu. Njinga yamoto iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi inshulansi. Woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo iye ndi yemwe wam'nyamula avale chipewa choteteza mutu. Onse ogwiritsa ntchito msewu amayenda kumanzere.

Misewu ya kumudzi imavuta kwambiri pa kanjinga kotere. Mwachitsanzo, m'dera la Mfumu Mwase ku Kasungu misewu yambiri yopita m'midzi ndi m'maesiteti a fodya ndi yafumbi: m'chilimwe imadzaza mchenga, m'dzinja imaterera ndi matope. Msewu wa M1, womwe umadutsa pa boma la Kasungu, umayendamo mabasi ndi magalimoto akuluakulu, ndipo m'nyengo yogulitsa fodya mumachuluka malole onyamula mabelo kupita ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo ku Lilongwe.

Chitetezo

Ngozi zambiri za sikuta zimachokera pa kapangidwe kake. Matayala ake ndi aang'ono, choncho dzenje kapena mwala womwe njinga yakapalasa ingaudumphe umatha kuimitsa sikuta mwadzidzidzi n'kuponya wokwerayo kutsogolo, mutu n'kuyamba kugunda pansi. Komanso sikuta siichita phokoso, motero oyenda pansi, ana ndi oyendetsa ngolo saimva ikamabwera kumbuyo kwawo.

Pa zifukwa zimenezi wokwera amalangizidwa izi:

Kuvala chipewa choteteza mutu ndi kumanga lamba wake wa pachibwano.
Kukwera munthu mmodzi pa sikuta yoimirira, popanda katundu wolemera pa zigwiriro.
Kuyesa mabuleki asananyamuke.
Kuyatsa nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo usiku, ndi kuvala chovala chowala.
Kuliza belu asanadutse anthu.
Kusakwera ataledzera kapena akulankhula pafoni.

Batire nayonso imafuna chisamaliro. Batire ya lithium-ion ikaphwanyika, ikalowa madzi kapena ikatchajidwa ndi tchaja yosayenera, imatha kutentha n'kubuka moto wovuta kuzimitsa. Kuopa moto wotere, bungwe la Transport for London linaletsa kulowa ndi masikuta amagetsi m'mabasi ndi m'sitima zake mu Disembala 2021. Sikuta isamatchajidwe anthu akugona, pakhomo lotulukira, kapena pafupi ndi zinthu zosachedwa kugwira moto monga udzu ndi fodya wouma.