Mmene ife tinaphunzirira Macbeth

Ana inu amene mukudandaula kuti Shakespeare ndi wovuta, khalani pansi ndikuuzeni mmene ife tinamuphunzirira. Zinali zaka za m'ma 1970, a Kamuzu atangolengezedwa kumene, mu 1971, kukhala pulezidenti wamuyaya. Malo a ku sekondale anali ochepa, moti mwana mmodzi akasankhidwa, mudzi wonse unkamuperekeza ndi nthungululu mpaka pokwerera basi. Kusukuluko Chingerezi ndicho chinali mfumu. Ukachilephera pamayeso, ngakhale ukhoze masamu ndi zina zonse, satifiketi sunkaiona.

Buku limene anatipatsa linali Macbeth. Chingerezi chake sichinali chija tinazolowera kupulayimale, chinali cha anthu amene anamwalira kalekale, poti seweroli linalembedwa cha m'ma 1606. Poyamba tinadana nalo. Tinkangoloweza mizere osaimva, ena n'kumawodzera bukulo lili m'manja.

Aphunzitsi athu anali bambo wamfupi, wosaseka wamba. Tsiku lina atalowa m'kalasi anati: "Tsekani mabuku, kankhirani madesiki kukhoma. Mwini wake sanalembere anthu okhala pansi. Analembera anthu oti aimirire pabwalo, ena n'kumawaonera." Kenaka anatikambira nkhani yonse ngati nthano, mwakachetechete, akuyang'ana kukhomo poti Chichewa sichinkaloledwa m'kalasi ya Chingerezi.

Anati kunali msilikali wolimba mtima wa mfumu Duncan ya ku Scotland, dzina lake Macbeth. Pobwera kunkhondo, iye ndi mnzake Banquo anakumana ndi mfiti zitatu, zomwe zinamuuza kuti adzakhala mfumu. Mawuwo anamera mumtima mwake, ndipo mkazi wake anawathirira. Mfumu itabwera kudzagona kunyumba kwake, Macbeth anaibaya ili m'tulo, mlandu n'kuukankhira kwa alonda. Ufumu anautenga, koma sanaonenso tulo. Anapha Banquo poopa ana ake, anapha mkazi ndi ana a nduna ina yotchedwa Macduff, mpaka dziko linamutembenukira. Mfiti zija zinamulimbitsa mtima kuti sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam itayenda, ndiponso kuti munthu wobadwa mwa mkazi sangamuphe. Koma asilikali anadula nthambi za m'nkhalangomo n'kubisalamo poyenda, ndipo Macduff anali woti amayi ake anachita kuwang'amba pamimba kuti abadwe.

Atatha, m'kalasi munali zii. Mnzathu wina wa ku Ntcheu anati, "Aphunzitsi, nkhaniyitu inachitika kwathu." Tonse tinaseka, koma aliyense ankadziwa mudzi wina umene ufumu wake unalowedwa ndi magazi, ndiponso munthu wina amene anathera kwa asing'anga pofuna mpando.

Scotland nayo sinali dziko lachilendo m'makutu mwathu. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone, amishoni a ku Scotland ndiwo anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo a Kamuzu eniake anaphunzira zaudokotala ku Edinburgh. Aphunzitsi anatiuzanso kuti Macbeth weniweni analamulira kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan anamuphera kunkhondo, osati pakama. Shakespeare anaipotoza mbiriyo poti mfumu ya nthawi yake, James, inali yochokera ku Scotland, inkatengedwa kuti ndi ya fuko la Banquo, ndipo inkaopa ufiti kwambiri moti mu 1597 inatulutsa buku lonena za mfiti. Apa m'pomwe tinazindikira kuti wolembayo naye ankalemba akuyang'ana nkhope ya mfumu yake.

Seweroli tinalichitira m'holo yodyeramo, matebulo titawalumikiza kukhala nsanja. Mabulangete a kuhositelo ndiwo anali mikanjo yachifumu, malupanga tinasema ansungwi, chisoti cha mfumu tinachidula pakatoni n'kumatapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Mfiti anali anyamata atatu ovala masaka, atadzola phulusa kumaso, akuzungulira mphika umene tinabwereka kukhichini. Nkhalango ya Birnam inali nthambi za bulugamu zimene tinathyola kuseri kwa bwalo la mpira. Nyali ziwiri zopopa ndizo zinkatiunikira. Ine ndinali Ross, amene ntchito yake yaikulu ndi kunyamula mauthenga, ndipo uthenga woipitsitsa, wa imfa ya banja la Macduff, unatuluka m'kamwa mwanga.

Pali malo awiri m'seweromo amene sindidzawaiwala. Pena Macbeth amaulula kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito amene amamulipira kuti azimuuza zokambidwa. Pena Ross amafotokoza dziko limene anthu akufa, belu la maliro n'kumalira, koma palibe wofunsa kuti wamwalira ndani. Pamene ndinkanena mawu amenewo, holo yonse inakhala bata, ngakhale aja a fomu 1 amene ankasokosera kumbuyo. Aphunzitsi ena anawerama. Masiku amenewo munthu ankatha kungosowa, abale ake osayerekeza kufunsa, ndipo ukafuna kunena za boma unkayamba wacheuka. Masewero olembedwa ndi anthu akuno ankayamba adutsa kubungwe loona zoyenera kuonetsedwa, lomwe linabwera ndi lamulo la 1968. Shakespeare anamwalira mu 1616, ndipo palibe akanamutengera kundende ya Mikuyu, choncho mawu ake anatinenera zimene pakamwa pathu sipakananena. Aphunzitsi athu sanatiuzepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti tifanizire Scotland ndi kwathu kuno. Anangotiimika pansanja, makutu athu n'kudzimvera okha.

Paholide ndinawakambira agogo anga aakazi nkhaniyi tikukonola chimanga. Iwo sukulu sanaiponde, koma anaiweruza ngati mlandu wa pabwalo la mfumu. Choyamba anadabwa kuti Duncan anasankha mwana wake womubereka, Malcolm, kukhala mlowam'malo, pamene kwathu ufumu umapita kwa mwana wa mlongo. Mfiti sanaziimbe mlandu kwenikweni. Anati, "Mfiti inangonena, mpeni anatenga yekha." Chimene chinawanyansa kwambiri n'chakuti munthu anapha mlendo amene anadya nsima ya m'nyumba mwake. Nditafika pa mkazi wa Macbeth, amene ankadzuka usiku ali m'tulo n'kumasamba m'manja magazi osaoneka, anagwedeza mutu nati magazi a munthu sasambika ndi madzi. Zimene agogo ananena tsiku limenelo ndizo zinandithandiza poyankha mafunso pamayeso, kuposa manotsi.

Mawu a akulu akoma akagonera. Masewero akalewa agonera zaka mazanamazana, ndipo amene anali opanda kanthu anafera m'njira. Otsalawa atsala chifukwa amakamba za dyera, nsanje, chikondi ndi mantha, zinthu zimene mtundu uliwonse umazidziwa. N'chifukwa chake Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko lake, anapeza nthawi yomasulira Julius Caesar m'Chiswahili, n'kulitulutsa mu 1963. Kuno kwathu Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa.

Musaganize kuti kuphunzira za azungu kunatiiwalitsa zathu. Pampikisano wa masewero a m'masukulu wa ATEM, komanso m'gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, achinyamata amene anazolowera kuima pansanja anayamba kulemba zawo. Mu 1976 James Gibbs anasonkhanitsa ena mwa masewerowo m'buku la Nine Malawian Plays. Steve Chimombo anatenga mbiri ya M'bona n'kulemba The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978. Du Chisiza Jr anayambira pa ATEM ali mwana wasukulu, mu 1987 n'kukhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo kufikira imfa yake mu 1999 anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre kukamuonera. Masewero amenewa nawonso tsopano agonera, ndipo ayenera kukhala m'kalasi pambali pa Macbeth.

Chimene chimandiwawa lero n'chakuti adzukulu anga amabwera ndi timabuku ta mafunso ndi mayankho, toti munthu aloweze kuti Macbeth anali wadyera, Banquo anali wokhulupirika, basi. Ndikawafunsa ngati anayamba aimirirapo n'kulankhula ngati Macduff atamva za ana ake, amandiyang'ana modabwa. Akuti nthawi ndi yochepa, mabuku ndi ochepa, m'kalasi ndi odzaza. Ndikumva, ndipo aphunzitsi sindikuwanyoza, poti ntchito yawo ndi yolemetsa. Koma ifenso mabuku tinkachita kubwerekana, ndipo magetsi m'holo muja munalibe.

Inu aphunzitsi a masiku ano, ndikukupemphani: musanawapatse ana manotsi, akambireni nkhaniyo m'chinenero chimene amalota nacho, kenaka kankhirani madesiki kukhoma, muwagawire mbali, aimirire. Ngakhale chigawo chimodzi chokha pateremu, pansi pa mtengo wa mango, n'chokwanira poyambira. Ndipo tsiku loonetsa mukaitane makolo ndi agogo awo adzaonere.