Mbiri ya Kuyesa Ululu

Omvera anga, makamaka inu a ku migodi ndi m'matauni amene kwanu ndi ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, mudziwa kuti dzinja likafika amabwera mau ocokera kumudzi opempha ndalama za mankhwala opopera thonje. Pa botolo la mankhwalawo pamakhala cizindikiro cocenjeza, ndipo pa ena oopsa kwambiri pamakhala cibade ca munthu ndi mafupa awiri opingasa. Kodi anayesa ululu wa m'botolomo ndani, ndipo anauyesa bwanji? Ndiyo nkhani yathu madzulo ano.

Makolo athu anaudziwa ululu. Anali ndi mthuthu wophera nsomba, ndi ulembe wopaka ku mibvi, ndiponso mwabvi, khungwa lija ankasinja amapondera ndi kumwetsa munthu womuganizira ufiti. Wosanza anali wopanda mlandu, wakufa ndiye mfiti. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anacoka ku Tete m'caka ca 1831 napyola dziko la Amaravi ndi Acewa, analemba za mwambo umenewu. Boma la Northern Rhodesia linauletsa ndi lamulo la ufiti la 1914. Koma nthawi zina anthu ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Ine ndiganiza kuti cimene cinaweruza pamenepo sicinali mtima wa woimbidwa mlanduyo iai, koma kuculuka kwa khungwa, ukali wace, ndi mphamvu ya thupi la womwayo. Zitatu zomwezi ndizo anadzabvutika nazo madotolo a ku Ulaya.

Tamvani umo anakomanirana ndi ululu wa kwathu. Dotolo John Kirk, poyenda ndi Livingstone m'mbali mwa Shire, anapeza Amang'anja akupaka kombe ku mibvi yao, natengako pang'ono m'thumba momwe munali mswaci wace. Tsiku lina atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo mtima wace unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kombeyo anafika kwa Thomas Fraser ku Edinburgh, amene pofika 1885 anaonetsa kuti ululu wa mibvi ukapatsidwa pang'ono ucirikiza mtima wodwala. Bvuto la mankhwala a mitengo otere ndi lakuti thumba lina limakhala laukali kuposa linzace, ndipo muyeso umene waciritsa lero ungaphe mawa.

Cifukwa ca bvuto lotere, m'caka ca 1927 Mngerezi wina, J. W. Trevan, anafalitsa njira ya kuyesera ukali wa mankhwala. Iye anaona kuti kufunsa muyeso wakupha nyama imodzi sikuthandiza, popeza nyama zisiyana mphamvu monga anthu. Anati tifune muyeso umene ukapatsidwa ku gulu la nyama upha theka lace. Muyeso umenewu achedwa LD50, ndipo auwerenga mwa mamiligalamu a mankhwala pa kilogalamu imodzi ya thupi la nyama. Cimene mlimi ayenera kugwira ndi ici: nambala ikakhala yaing'ono, ululu ndi waukulu.

Bungwe la WHO linayamba kugawa mankhwala ophera tizirombo m'magulu mwa nambala imeneyi m'caka ca 1975. Masiku ano mankhwala amene apha theka la makoswe ndi muyeso wosafika mamiligalamu 5 ali m'gulu loopsa koposa, a pakati pa 5 ndi 50 ali m'gulu lotsatira, ndipo a pakati pa 50 ndi 2000 ayesedwa oopsa mwapakatikati.

Komabe dziko liri lonse linkayesa mwa njira yace, ndipo wogulitsa ankapha makoswe atsopano pa malire ali onse. Tsono m'caka ca 1981 maiko a bungwe la OECD, limene likulu lace liri ku Paris, anapangana malangizo amodzi a kayesedwe, nabvomerezana kuti zimene zayesedwa bwino m'dziko limodzi zilandiridwe ndi onse. South Africa, ngakhale sali membala, analowa m'pangano limeneli pambuyo pace.

Ndipo makoswe nawo anapeza owalankhulira. Njira ya Trevan inkatha nyama zambiri pa mankhwala amodzi, ndipo zinkafa mozunzika. Mu December 2002 OECD inacotsa langizo lakale, la nambala 401, ndipo m'malo mwace mwatsala atatu, 420, 423 ndi 425. Mwa langizo 423 amatenga makoswe atatu okha pa nthawi imodzi, nayamba ndi umodzi wa miyeso inai, 5, 50, 300 kapena 2000. Akaona zotulukapo amakwera kapena kutsika. Mwa 425 amamwetsa khoswe mmodzi mmodzi. Otsala amoyo amawayang'anira masiku 14.

Masiku 14, omvera anga. Mayeso amenewa anena za ululu wolowa m'thupi kamodzi, monga mwana akamwa za m'botolo. Sanena kanthu za munthu wa kwa Kawaza kapena kwa Nyanje amene apopera thonje caka ndi caka, wopanda nsapato, cipopero cikudontha pamsana, nasamba m'manja pa dambo pomwe pamwa ng'ombe. Zimenezo ziri ndi mayeso ena a miyezi ndi zaka, ndipo yankho lace limacedwa. Endosulfan, amene anapoperedwa m'minda ya thonje ya maiko ambiri a mu Africa, anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa mwa pangano la Stockholm m'caka ca 2011, alimi atamgwiritsa nchito zaka zambirimbiri.

M'caka comweco ca 2011 kuno ku Zambia kunakhazikitsidwa ZEMA, m'malo mwa Environmental Council of Zambia, ndipo ndiyo ipereka cilolezo kwa oitanitsa ndi ogulitsa mankhwala otere. Koma mau a pa botolo kawiri-kawiri amalembedwa m'Cingerezi, ndipo botololo likafika pa khonde kwa Pembamoyo, woliwerenga amakhala mwana wa sukulu.